Imfa ya Michael Collins ndi lumbiro lomwe linagawa Ireland

Madzulo a Lachiwiri pa 22 Ogasiti 1922, kamdima kakuyamba kugwa, njinga yamoto imodzi ndi magalimoto atatu zinalowa m'kachigwa kotchedwa Béal na Bláth, m'boma la Cork kummwera kwa Ireland. Kutsogolo msewu unali wotchingidwa ndi ngolo. Mfuti zinayamba kulira kuchokera pakamtunda ka m'mbali mwa msewu, ndipo zitatonthola, amene anagona pansi osadzukanso anali munthu mmodzi yekha: Michael Collins, wazaka 31, mkulu wa asilikali a boma latsopano la dzikolo. Angerezi anamusakasaka zaka zitatu osamugwira. Omwe anamubisalira tsikulo anali anthu akwawo, obadwira m'boma lake lomwelo, amene chaka chapitacho ankamenya naye nkhondo mbali imodzi.

Sanasiyane mtundu, mpingo kapena chuma. Mbali zonse ziwiri munadzaza Akatolika, ana a alimi, ophunzira sukulu zofanana. Anasiyana pa mawu amodzi, ripabuliki, ndi pa lumbiro lomwe analumbira chifukwa cha mawuwo.

Ripabuliki ndi dziko lopanda mfumu yolowa ufumu mwa magazi, limene mtsogoleri wake amachita kusankhidwa. Ife lero mawuwa tinawazolowera, timangowaona pa ziphaso ndi pa zikalata za boma. Ku Ireland wa nthawi imeneyo anali mawu ofera. Chilumbachi chinakhala m'manja mwa mafumu a ku England zaka mazanamazana, ndipo kuyambira 1801 nyumba ya malamulo ya ku Dublin inathetsedwa, aphungu a ku Ireland n'kumakakhala ku London. Pakati pa 1845 ndi 1852 matenda anagwira mbatata ya kachewere, yomwe kwa amphawi a kumeneko inali ngati nsima kwathu kuno. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawira kunja. Mu 1858 kunabadwa gulu lachinsinsi lotchedwa Irish Republican Brotherhood. Wolowamo ankalumbira pamaso pa Mulungu kuti adzakhala wokhulupirika ku Ripabuliki ya Ireland, dziko lomwe panthawiyo silinkapezeka pa mapu aliwonse.

Collins anabadwa pa 16 Okutobala 1890 pa famu ya Woodfield pafupi ndi tauni ya Clonakilty, chitsirizira m'banja la ana 8. Bambo ake anali atapyola zaka 70 pomwe iye ankabadwa, ndipo anamusiya ali ndi zaka 6. Mu 1906 anakhoza mayeso olowera ntchito za boma, n'kupita ku London kukagwira ukalaliki ku banki ya positi ofesi, akukhala kwa mlongo wake Hannie. Ku London komweko, mu 1909, analumbira lumbiro la gulu lachinsinsi lija. Ndimaona kuti zaka pafupifupi 10 zomwe anakhala pa madesiki a ku London ndizo zinamuumba. Anthu akamukumbukira amaganiza za mfuti, pomwe zida zomwe ankazidziwa bwino zinali kaundula, malisiti ndi mafayilo. Anaona mkati mwa boma la Angerezi mmene limayendera, kuti limayendera mapepala ndi anthu onyamula mapepalawo.

Anabwerera kwawo mu Januwale 1916. Lolemba la Pasaka, pa 24 Epulo chaka chomwecho, kagulu ka zigawenga kanalanda positi ofesi yaikulu ya mu Dublin, mtsogoleri wawo Patrick Pearse n'kuwerenga pakhomo pake chikalata cholengeza ripabuliki. Collins anali mkatimo ngati wothandizira Joseph Plunkett, mmodzi wa atsogoleri. Pasanathe sabata mizinga ya Angerezi inali itagumula pakati pa mzinda, oukirawo n'kugonja. Anthu ambiri a mu Dublin poyamba anawanyoza. Koma Angerezi atayamba kuwombera atsogoleriwo mmodzimmodzi, ndipo pomaliza anapha 16, mitima ya anthu inatembenuka. Collins anakatsekeredwa ku msasa wa Frongoch ku Wales, n'kutuluka mu Disembala 1916 atatsimikiza mumtima kuti sadzatsekeranso anyamata m'nyumba n'kumadikira mizinga.

Pa chisankho cha mu Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin chinatenga mipando 73 mwa 105 ya ku Ireland. Aphungu ake anakana kupita ku London. Pa 21 Januwale 1919 anakhazikitsa nyumba yawoyawo ya malamulo ku Dublin, yotchedwa Dáil Éireann, n'kulengezanso ripabuliki. Pambuyo pake aphunguwo pamodzi ndi asilikali awo, omwe anayamba kudziwika kuti IRA, analumbira kuti adzateteza ripabulikiyo. Lumbiro limeneli mulikumbukire, tilipeza kutsogoloku. Mu Febuluwale 1919 Collins ndi mnzake wapamtima Harry Boland anathawitsa mtsogoleri wa chipanicho, Éamon de Valera, ku ndende ya Lincoln ku England, kiyi atamulowetsa mobisa mu keke.

Collins anasenza maudindo awiri aakulu nthawi imodzi. Ngati nduna ya zachuma ya boma lomwe Angerezi analiletsa, anapempha anthu wamba kuti abwereke boma lawo ndalama. Ankafuna mapaundi 250,000, anatolera oposa 370,000, wobwereka aliyense akulandira lisiti, ndalamazo n'kumasungidwa m'mabanki pa mayina a anthu ena. Woweruza wina, Alan Bell, atayamba kufufuza komwe zinabisidwa, anyamata a Collins anamutsitsa m'sitima ya m'misewu ya mu Dublin n'kumuwombera, mu Malichi 1920.

Udindo wachiwiri unali wa ukazitape. Kuukira konse kwa m'mbuyomu kunkalephera chifukwa apolisi ofufuza, omwe anali anthu a ku Ireland komweko, ankadziwa nkhope ndi makomo a aliyense. Collins anazindikira kuti msilikali akafa London itumiza wina, koma wapolisi wodziwa kuti uje amagona kwa uje alibe womulowa m'malo msanga. Usiku wina mu Epulo 1919, wapolisi wofufuza dzina lake Ned Broy, amene ankamutumikira mobisa, anamulowetsa ku polisi ya mu Great Brunswick Street. Collins anachezera m'chipinda chosungira mafayilo, akuwerenga zonse zomwe boma linkadziwa za gulu lake. Atatero anayamba kuchenjeza ofufuzawo kuti asiye ntchito, ndipo okana ankaphedwa ndi kagulu kake kotchedwa Squad. Mwini wake ankangoyenda pa njinga mu Dublin atavala suti, ngati kalaliki wopita kuntchito, n'kumadutsa pa zipata za asilikali omwe ankamufunawo.

Sindifuna kumuyeretsa munthuyu, chifukwa m'manja mwake munali magazi. M'mawa wa Lamulungu pa 21 Novembala 1920, anyamata ake analowa m'nyumba zogona alendo mu Dublin n'kupha anthu 14, ena akadali pabedi, ena akazi awo akuona. Ambiri anali akazitape a Angerezi, koma si onse. Masana ake apolisi a boma anafika pa bwalo la Croke Park, pomwe Dublin ndi Tipperary ankasewera mpira wa chikhalidwe chawo, n'kuwombera khamu la anthu. Anafa 14, mwa iwo ana atatu, wosewera mpira Michael Hogan, ndi mtsikana Jane Boyle yemwe ukwati wake unali sabata yomweyo. Mu Epulo 1921 asilikali anatentha nyumba ya kwawo kwa Collins ku Woodfield. Nkhondoyo inafika poti mbali zonse zatopa, ndipo pa 11 Julayi 1921 anagwirizana zoyamba atula pansi zida kuti akambirane. Collins ankadziwa chimene anthu osangalala m'misewu sankachidziwa, kuti anyamata ake zipolopolo zinali zitatsala pang'ono kuwathera.

Apa ndi pomwe nkhani imavuta. De Valera, amene anali pulezidenti wa ripabuliki yolengezedwayo, anakumana ndi nduna yaikulu ya Britain, David Lloyd George, mu Julayi, ndipo anamva yekha kuti Angerezi savomera ripabuliki. Zokambirana zenizeni zitayandikira, iye anati atsala ku Dublin, popeza monga chizindikiro cha ripabuliki sankayenera kuoneka akuchita malonda ndi dzina lake. Anatumiza Arthur Griffith ngati mtsogoleri wa nthumwi, Collins, ndi ena atatu. Collins anakana, nati iye ndi wankhondo, komanso nkhope yake ikadziwika ku London ndiye kuti ntchito yake yobisa yatha. Anapita mokakamizika. Kutsidya kwa tebulo kunakhala Lloyd George, Winston Churchill, Austen Chamberlain ndi Lord Birkenhead, akatakwe a ndale za ufumu waukulu kuposa onse panthawiyo. Anakambirana kuyambira pa 11 Okutobala. Usiku wa pa 5 Disembala Lloyd George anati akapanda kusaina nthumwi zonse, nkhondo iyambiranso m'masiku atatu. Anasaina cha m'ma 2 koloko usiku, kulowa pa 6 Disembala 1921, osabwerera kaye ku Dublin kukafunsa.

Panganolo linapereka zambiri. Asilikali a Britain achoka m'maboma 26 mwa 32 a chilumbacho. Kubadwa dziko lotchedwa Irish Free State, lokhala ndi nyumba ya malamulo, asilikali, apolisi ndi misonkho yake, lofanana ndi Canada. Koma likhala mu ufumu wa Britain, mfumu ikhala ndi bwanamkubwa woiimira ku Dublin, madoko atatu akhala m'manja mwa asilikali apamadzi a Britain, ndipo maboma 6 a kumpoto, komwe Apulotesitanti okonda Britain anali ambiri ndipo anali atapatsidwa kale nyumba yawo ya malamulo ku Belfast, aloledwa kukhala padera mpaka komiti yoona malire itaunikanso mzerewo. Chowawa kwambiri chinali chakuti phungu aliyense alumbire kumvera malamulo a dziko latsopanolo ndi kukhala wokhulupirika kwa Mfumu George V.

Amalawi makonzedwe otere tinawaonapo. Pa 6 Julayi 1964 tinalandira ufulu, koma Mfumukazi Elizabeth II inakhalabe pamwamba pa dziko, Sir Glyn Jones akuiimira ngati bwanamkubwa, mpaka pa 6 Julayi 1966 pomwe tinakhala ripabuliki. Zambia inalowa ufulu pa 24 Okutobala 1964 ili kale ripabuliki. Kwathu mikangano ya zaka zimenezo inali pa nkhani zina, osati pa dzina la mfumukazi, chifukwa pofika nthawiyo aliyense ankadziwa kuti dziko likhoza kuvula chisoti cha ufumu tsiku lomwe lafuna. Mu 1921 panalibe dziko lomwe linali litayendapo njira imeneyo. Munthu sakanatha kulozera mnzake kuti taona, awa anadutsa pomwepa.

Collins anauza aphungu kuti panganolo silikupereka ufulu wathunthu womwe mitundu yonse imaulakalaka, koma likupereka ufulu woti aufikire. Kunena kwathu, pang'onopang'ono ndi mtolo: asilikali a mdani achoke kaye, zotsalazo tizimasula mfundo imodziimodzi. Otsutsa ankaona chikomekome cha mkuyu. Ndipo tisawayese anthu opanda nzeru. Analumbira pamaso pa Mulungu kuti ripabuliki ilipo ndipo adzaifera, anzawo anaiferadi, tsono lero alumbire kwa mfumu yomwe asilikali ake anapha anzawowo? Mary MacSwiney, amene mlongo wake Terence anafa m'ndende ya Brixton atakana chakudya masiku 74, analankhula maola oposa awiri kukana panganolo. Mayi ake a Pearse anali phungu, mkazi wamasiye wa Tom Clarke, mmodzi wa atsogoleri ophedwa mu 1916 aja, anali phungu. Aphungu aakazi analipo 6, ndipo onse anavota kuti ayi. Kwa iwo lumbiro silinali chovala choti n'kuvula nyengo ikasintha.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti pa masiku onse omwe anakangana, nkhani ya kugawidwa kwa chilumba inatenga malo ochepa kwambiri. Ambiri mbali zonse ziwiri ankakhulupirira kuti komiti ya malire idzadula madera aakulu a kumpoto komwe Akatolika anali ochuluka, chotsalacho n'kulephera kuima pachokha. Mkangano wonse unatsamira pa lumbiro.

Pa 7 Januwale 1922 aphungu 64 anavomera pangano, 57 anakana. De Valera anatula pansi udindo n'kutuluka ndi omutsatira. Collins anakhala wapampando wa boma logwirizira, ndipo pa 16 Januwale analandira Dublin Castle, likulu la ulamuliro wa Angerezi kwa zaka mazana ambiri. Koma asilikali ambiri a IRA anakana panganolo. Pa 14 Epulo gulu lotsogozedwa ndi Rory O'Connor linalanda nyumba ya makhothi akuluakulu yotchedwa Four Courts. Miyezi iwiri yathunthu Collins anakana kuwakhudza. Anayesa njira zonse: anagwirizana ndi de Valera zoima limodzi pa chisankho, anayesa kulemba malamulo a dziko osatchulamo mfumu koma London inakana, ndipo mobisa ankatumiza mfuti kumpoto mogwirizana ndi otsutsa pangano omwewo, uku akuuza Churchill kuti akusunga zomwe anasaina. Chisankho cha pa 16 Juni chinapatsa ovomera pangano mipando 58, okana 36, yotsalayo n'kupita ku zipani zomwe zinkalivomeranso. Pa 22 Juni amuna awiri a IRA anapha Sir Henry Wilson, yemwe anali mkulu wa asilikali a Britain, pakhomo pake mu London. Angerezi anati Collins akapanda kuchotsa anthu mu Four Courts achita okha. Otsekeredwawo atagwira mmodzi wa akuluakulu a asilikali a boma, J. J. O'Connell, mpata wozengereza unatha. M'bandakucha wa pa 28 Juni Collins anayamba kuwomba anzake ndi mizinga yobwereka kwa Angerezi. Patapita masiku awiri, nyumba yosungira zikalata zakale za dzikolo inaphulika, mapepala a zaka mazanamazana n'kumagwa mu mzinda ngati phulusa la lupsa.

Maliro anayamba kutsatizana. Cathal Brugha, nduna ya zankhondo ya ripabuliki, anafa pa 7 Julayi atakana kugonja. Harry Boland, mnzake uja anathawitsa naye de Valera, anawomberedwa ndi asilikali a boma ku Skerries n'kumwalira kumayambiriro a Ogasiti. Pa 12 Ogasiti Griffith anagwa n'kufa ndi nthenda ya mitsempha ya mu ubongo ali ndi zaka 51. Collins anayenda patsogolo pa maliro ake atavala yunifolomu. Kunali kutamutsalira masiku 6.

Mzinda wa Cork unali utangolandidwa ndi asilikali a boma omwe anafika pa sitima zapamadzi, koma kumidzi kunali kukadali m'manja mwa otsutsa. Collins ananyamuka pa Imperial Hotel m'mamawa, ali m'galimoto yosatseka pamwamba limodzi ndi Emmet Dalton, mmodzi wa akuluakulu a asilikali ake, patsogolo njinga yamoto ndi lole ya asilikali, kumbuyo galimoto yachitsulo yokhala ndi mfuti yachiwaya. Podutsa pa Béal na Bláth anaima kufunsa njira. Yemwe anawalozera njirayo anali mlonda wa otsutsa, omwe akuluakulu awo anali ndi msonkhano m'dera lomwelo, ndipo anamuzindikira. Milatho yambiri inali yogumulidwa, choncho zinali zodziwikiratu kuti mdipitiwo ukhoza kubwerera njira yomweyo. Anakwirira bomba mu msewu, n'kutchinga ndi ngolo, n'kudikira tsiku lonse. Wotsogolera anali Tom Hales, amene mu 1920 Angerezi anamuzunza koopsa ali m'manja mwawo, mnzake wa Collins wakalekale.

Collins anayendera Bandon, Clonakilty, Rosscarbery ndi Skibbereen. Pa Sam's Cross, kwawo kwenikweni, anaima n'kucheza ndi abale ake pa malo omwera. Anachedwa, moti obisalirawo anaganiza kuti sabweranso. Ambiri anali atabalalika, ochepa otsala akuchotsa bomba lija, pomwe anamva kulira kwa magalimoto. Mfuti zitayamba, Dalton anauza dalaivala kuti aponde moto. Collins anati aime, amenyane nawo. Munthu amene analamula nkhondo yonse ali pa desiki anatsika n'kugwira mfuti ngati msilikali wamba. Mfuti yachiwaya ija inakakamira. Kuwomberana kutatsala pang'ono kutha, chipolopolo chinamupeza kumutu, kuseri kwa khutu lamanja. Msilikali wina anagwada n'kumunong'oneza pemphero la kulapa. Anayenda ndi mtembo usiku m'misewu yoduka, n'kufika ku Cork pakati pa usiku patapyola.

Thupi silinapimidwe ndi madokotala a boma, ndipo sipanakhale bwalo lofufuza imfayo. Pachifukwa chimenechi mphekesera sizinathe mpaka lero. Ofufuza mbiri ambiri amatchula Denis O'Neill, yemwe kale anali msilikali wa Britain wodziwa kulasa, kuti ndiye anawomba. De Valera anali m'dera lomwelo tsikulo, ndipo anthu anamuloza chala moyo wake wonse, koma umboni woti analamula chiwembucho sunapezeke. Pa 28 Ogasiti anthu mazana a zikwi anadzaza misewu ya Dublin kuperekeza maliro ku manda a Glasnevin. Pa bokosi panali duwa loyera limodzi lochokera kwa Kitty Kiernan, mtsikana amene anali naye pa chitomero.

Otsala m'boma analibe kukayika komwe iye anali nako pa zopha anzake. Mu Novembala anawombera Erskine Childers, mlembi wa nthumwi zija za ku London amene anakana pangano, chifukwa chomupeza ndi kamfuti kakang'ono komwe Collins mwini anamupatsa ngati mphatso. Pa 7 Disembala otsutsa anapha phungu wa boma Seán Hales, mbale wake weniweni wa Tom Hales. M'mawa mwake boma linatulutsa akaidi anayi m'ndende ya Mountjoy n'kuwawombera popanda mlandu kuzengedwa. Mmodzi anali Rory O'Connor, ndipo mwa nduna zomwe zinavomera panali Kevin O'Higgins, amene O'Connor anamuimira pa ukwati wake chaka chimodzi chokha m'mbuyomo. Nkhondo yapachiweniweniyo pomwe inkatha mu Meyi 1923, boma linali litapha akaidi osachepera 77. O'Higgins nayenso anaphedwa mu 1927 akupita ku Misa.

Pa nkhani ya lumbiro, Collins ananena zoona, ndipo amene anatsimikiza zimenezi ndi de Valera yemweyo. Mu 1926 anayambitsa chipani cha Fianna Fáil, mu 1927 analowa m'nyumba ya malamulo atasaina lumbiro lija akuti ndi mawu chabe, mu 1932 anatenga boma, mu 1933 anafafaniza lumbirolo, mu 1937 anabweretsa malamulo atsopano a dziko opanda bwanamkubwa, ndipo mu 1938 madoko atatu aja anabwezedwa. Pa 18 Epulo 1949 Ireland inakhala ripabuliki popanda kuwomba mfuti, boma likutsogozedwa ndi Fine Gael, chipani chochokera ku mbali ya Collins. Zipani ziwirizi zinakhala pa chidani zaka pafupifupi 100, n'kudzalowa boma limodzi mu 2020. Mu Ogasiti 2022 mtsogoleri wa Fianna Fáil, Micheál Martin, analankhula pa mtanda wa pa Béal na Bláth.

Pa nkhani ya malire, chiyembekezo chake chinapita pachabe. Komiti ija inakhala pansi iye atagona kale m'manda, ndipo mu 1925 zinaululika kuti ikufuna kungosuntha mzere pang'ono, penanso kudula ku Free State komweko. Maboma a Dublin, Belfast ndi London anagwirizana zobisa lipotilo n'kusiya malire mmene analili. Akatolika a kumpoto, omwe Collins ankawatumizira mfuti mobisa, anatsala m'dziko lomwe sanalisankhe. Kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1960 mpaka pangano la mtendere la 1998, anthu oposa 3,500 anafa pa mkangano wa kumeneko, ndipo maboma 6 aja akadali mu United Kingdom.